NAMONDWE WOCHOKERA KUDZUWA: KODI AMAFIKA NTHAWI YANJI?

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe tsopano akugwira ntchito m'boma, anayankhula pa msonkhano wathu wapachaka kuno kwa Kanduku. Tawasindikiza monga momwe anawayankhulira, kuti amene simunathe kubwera mumve nawo.



Ambiri mwa inu mwaziona, kapena mwamvapo, nsanja zazitali zachitsulo zimene zadutsa m'boma lathu la Mwanza. Nsanja zimenezi ndi za nthambo yamagetsi ya 400 kV, yotalika makilomita 218, yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete mpaka ku Phombeya m'boma la Balaka. Atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Filipe Nyusi, anakhazikitsa ntchitoyi ku Phombeya m'chaka cha 2022. Cholinga chake ndi kulumikiza magetsi athu ndi a mayiko a kumwera kwa Africa, amene anapanga mgwirizano wogulitsana magetsi kalekale mu 1995. Ndi ntchito yabwino ndipo ine ndikuiyamikira. Koma nthambo yaitali chotere imabwera ndi mlendo wina amene kale tinkamuyesa wa kumayiko ozizira okha. Mlendo ameneyu amachokera kudzuwa, ndipo lero ndikufuna tikambirane za anthu amene ntchito yawo ndi kulosera ola limene adzafike.

Ndikuona ena mwayamba kumwetulira kuti kodi munthuyu wabwera ulendo wonsewu kudzatiuza za dzuwa, lomweli timayanikira mphale. Mundilole pang'ono.

Dzuwa si mbale yowala yongokhala phee monga timalionera. Ndi chimpira chachikulu cha mpweya wotentha koopsa, ndipo m'kati mwake muli mphamvu ya maginito yopotanapotana ngati luzi. Pamene mphamvuyi yapotana kwambiri pamaoneka mawanga akuda. Mawangawa amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Nyengo imene tilimoyi inayamba mu December 2019, ndipo mu October 2024 akatswiri a ku America analengeza kuti dzuwa lafika pachimake pa ukali wake. Tsono luzi likapotedwa mopyola muyeso limaduka. Likaduka padzuwa, pamabuka malawi oopsa. Mwamva nokha, dzina la dziko lathu lomwe, ndipo dzuwalo tinaliika pa mbendera, choncho sitinganene kuti nkhaniyi ndi ya eni ake.

Kuphulika kumodzi kumatumiza amithenga atatu, koma safika limodzi. Woyamba ndi kuwala, amene amayenda makilomita 150 miliyoni a pakati pa ife ndi dzuwa pa mphindi 8 zokha. Ameneyu sangaloseredwe ulendo wake, pakuti pamene mwamuona ndiye kuti wafika kale. Amasokoneza mpweya wa kumwamba kwenikweni kumbali ya dziko imene kuli masana, ndipo wailesi za shortwave zimangoti zii, mwina mphindi zingapo, mwina ola lathunthu. Amene munkamvera Channel Africa m'Chinyanja pa wailesi za madala athu, si nthawi zonse pamene vuto linali mabatire. Oyendetsa ndege pamwamba pa nyanja zazikulu amadalirabe wailesi za mtundu umenewu. Mthenga wachiwiri ndi tizinthu tating'onoting'ono tothamanga kwambiri, timene timafika patapita mphindi makumi angapo kapena maola ochepa, ndipo timavutitsa masetilaiti ndi anthu amene ali m'mlengalenga. Ife pansi pano mpweya umatitchinjiriza.

Wachitatu ndiye mwini nkhani. Dzuwa limalavula chimtambo cha mpweya wotentha wodzaza ndi mphamvu yamagetsi, cholemera matani mabiliyoni, chitanyamula maginito akeake. Akatswiri amachitcha CME mwachidule. Zimitambo zambiri zimapita kwina, pakuti mlengalenga ndi waukulu ndipo dziko lathu ndi kanjere chabe. Koma china chimalunjika kuno, ndipo chikagunda maginito a dziko lapansi, omwe aja amalozetsa singano ya kampasi kumpoto, chimawagwedeza. Kugwedezeka kumeneko ndiko ndikukutcha namondwe wa maginito. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chokha chimaimba, timachiona chikunyamuka. Chimene sichinena ndi ola lofikira, ndiponso ngati chikubwera mwamtendere kapena mwankhondo.

Ana athu kumbuyoko, tengani zolembera. Nthawi ndi mtunda kugawa ndi liwiro, samu ya Fomu 1. Chimtambo chothamanga makilomita 1,000 pa sekondi chidzatenga masekondi 150,000, amene ndi maola pafupifupi 42. Cha makilomita 500 pa sekondi chidzatenga masiku atatu ndi theka. Cha makilomita 2,000 chifika maola 21 asanakwane. Chimodzi mwa zothamanga kwambiri zimene tikuzidziwa ndi cha pa 1 September 1859, pamene Mngelezi wina, Richard Carrington, akujambula mawanga a padzuwa anaona kuwala kwadzidzidzi, ndipo patangopita maola osakwana 18 mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America anayamba kuthetheka moto ndi kugwira anthu ogwira ntchito. Nthawi imeneyo dziko linali lisanayale nthambo zamagetsi monga lero. M'chaka chomwecho David Livingstone anali kuyenda wapansi m'mbali mwa Shire.

Mungafunse kuti ngati samu yake ndi yophweka chotere, chovuta n'chiyani? Ndiyankha ndi chinthu chimene banja lililonse kuno ku Mwanza likuchidziwa. Mwana wanu ali ku Joni. Waimba foni kuti basi yanyamuka, mwamva ndithu injini ikulira. Kenaka foni yazima. Mtunda mukuudziwa, liwiro la basi mukulidziwa, koma simudziwa kuti pa Beitbridge apeza mzere wotani, ku Nyamapanda agona kapena ayi, pa Tete adutsa bwanji. Mumangoti afika mawa madzulo kapena mkuja m'mawa, ndipo nkhuku simupha. Foni idzaliranso ali pa Zobue, ndiye nthawi yotsala ndi yongokwanira kuika madzi pamoto.

Momwemonso ndi chimtambo chija. Tili ndi maso oonera chikunyamuka, tili ndi mlonda pafupi ndi khomo, koma pakati ponsepo pali mdima. Mlondayo ndi masetilaiti amene anaikidwa pa malo otchedwa L1, makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno kulowera kudzuwa. Kumveka kutali, koma ndi gawo limodzi lokha la magawo 100 a ulendo wonse. Ulendowo utakhala wa Joni mpaka kuno, mlondayo wakhala cha pa Zobue pomwepo. Pamalo amenewa anaikapo setilaiti ya ACE mu 1997, ya DSCOVR mu 2015, ndipo mu September 2025 anatumizanso ina yatsopano yotchedwa SWFO-L1. Chimtambo cha makilomita 1,000 pa sekondi chikadutsa pa mlondayo chimatsala ndi mphindi 25. Chothamanga kawiri kuposa apo chimatsala ndi mphindi 12 kapena 13.

Nanga maso oonera chikunyamuka ndi ati? Apa ndikukumbutseni kadamsana wa pa 21 June 2001. Ambiri a msinkhu wanga mukukumbukira masana aja, cha m'ma 3 koloko, kunja kutachita chizirezire, dzuwa litatsala kachigamba ngati mwezi watsopano. Anzathu a ku Lusaka ndiwo anaona zonse, pakuti kumeneko mwezi unaphimba dzuwa lonse kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, ndipo anaona nkhata yoyera yozungulira dzuwa imene masiku onse imabisika ndi kuwala. Zimitambo zija zimaonekera mu nkhata imeneyo. Popeza sitingadikire kadamsana, akatswiri anapanga wawo: kamera yokhala ndi kachitsekerero kophimba dzuwa, monga mmene munthu amaikira dzanja pamphumi poyang'ana wobwera chakumadzulo. Kamera yotchuka ya mtunduwu ndi LASCO, imene ili pa setilaiti ya SOHO, yotumizidwa pa 2 December 1995. Anaipangira zaka ziwiri zokha, mu 1998 inasowa miyezi ingapo n'kupezekanso, koma yatumikira zaka zoposa 25. Ife a m'boma tikanamasamala galimoto chotere, bwenzi a Treasury akutikonda.

Vuto loyamba lili pomwepo pa kamera. Chimtambo chopita kumbali chimaoneka bwino, mukhoza kuyeza mmene chikusunthira chithunzi ndi chithunzi. Koma chimene chikubwera kwa inu chimangooneka ngati mkombero womakulirakulira. Imani pakati pa msewu wowongoka usiku, muyang'ane nyali za lole ikubwera: mudziwa kuti ikubwera, koma liwiro lake mungoganizira. Woima pambali ndiye amaona bwino. Mukalakwitsa liwiro ndi gawo limodzi la magawo khumi, pa ulendo wa maola 42 mwataya kale maola anayi. N'chifukwa chake mu October 2006 a NASA anatumiza masetilaiti awiri amapasa, STEREO-A ndi STEREO-B, kuti akaime pambali. Anathandiza kwambiri, koma STEREO-B inasiya kuyankha mu 2014, ndipo inzakeyo imayendayenda mozungulira dzuwa, nthawi zina ili pabwino, nthawi zina ayi. A ku Ulaya akukonza ina yotchedwa Vigil, yoti ikakhazikike pambali osasuntha, ndipo akuti idzanyamuka mu 2031.

Vuto lachiwiri ndi la pa njira. Pakati pa dzuwa ndi ife si pululu. Pamawomba mphepo yochokera kudzuwa komweko, yothamanga makilomita 300 mpaka 800 pa sekondi. Chimtambo chothamanga kuposa mphepoyo chimabwezedwa liwiro, chaulesi chimakankhidwa. China chimakhotera kumbali. Zikanyamuka zingapo motsatizana, choyamba chimalambula njira, chachiwiri chimathamanga n'kumeza chinzake, ndipo chimene chimafika kuno sichifanananso ndi chimene chinajambulidwa. Kuyambira mu 2011 likulu la zolosera zimenezi ku Boulder, m'dziko la America, lakhala likugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa WSA-Enlil, imene imayerekeza mphepoyo n'kuyendetsamo chimtambo. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndimawalemekezera anthu amenewa. Kuyambira mu 2013, magulu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba poyera ola limene aliyense akuganiza kuti chimtambo chifika, chisanafike, kuti pambuyo pake aliyense aone amene waphonya. Mu 2018 gulu lotsogozedwa ndi katswiri wina, Pete Riley, linaunika zolembazo. Linapeza kuti kawirikawiri amaphonya ndi maola pafupifupi khumi, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene anaunikazo sipanaoneke kusintha kwenikweni. Anasindikiza zimenezo osabisa. Ndi malipoti angati a m'maofesi athu amene angalimbe mtima kulemba chotere?

Vuto lachitatu ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo apa aphunzitsi athu a Physical Science andichitira umboni. Tengani maginito awiri. Mukawayang'anitsa mbali ina amakankhana, mukatembenuza amodzi amagwirana nganganga. Maginito a dziko lathu, kumbali yoyang'ana dzuwa, amaloza kumpoto. Chimtambo chikafika maginito ake atalozanso kumpoto, chimangotiwomba n'kulambalala, ngakhale chikhale chachikulu bwanji. Chikafika ataloza kumwera, awiriwa amalumikizana, khomo limatseguka, ndipo mphamvu yonse imalowa. Tsono kamera sionetsa kumene maginitowo aloza. Amene amayeza zimenezi ndi mlonda wa pa Zobue uja, kutatsala mphindi zosakwana ola. Kotero wolosera akhoza kunena masiku awiri zisanachitike kuti kukubwera chinthu, akhoza kupereka ola mophonya ndi theka la tsiku, koma ukali wake weniweni amaudziwa chili pakhomo.

Tsopano tibwere pansi pano. Maginito akagwedezeka pafupi ndi waya, mu wayamo mumayenda magetsi. Michael Faraday anapeza zimenezi mu 1831, ndipo makina a ku Nkula ndi ku Tedzani amapanga magetsi ndi lamulo lomweli. Maginito a dziko lonse akagwedezeka, magetsi osaitanidwa amayenda m'nthaka, ndipo amafuna njira yosavuta. Nthambo yaitali ya mphamvu yaikulu ndiyo njira yosavutayo. Amalowera pa waya wa thiransifoma wolumikizidwa kunthaka, amayenda ulendo wonse wa nthamboyo, n'kukatulukira pa thiransifoma ya kumapeto. Thiransifoma inapangidwira magetsi osinthasintha mbali; awa ndi oyenda mbali imodzi, ndipo amaitenthetsa m'kati. Pa 13 March 1989 magetsi a chigawo chonse cha Quebec ku Canada anagwa pa nthawi yosakwana mphindi ziwiri, ndipo anthu pafupifupi 6 miliyoni anakhala mumdima maola asanu ndi anayi, kunja kukuzizira koopsa.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaphunzitsa kuti zoterezi ndi za mayiko oyandikira kumapeto a dziko, monga Canada ndi Sweden. Chaka cha 2003 chinawatsutsa. Pa 28 October dzuwa linaphulika, chimtambo chinafika patapita maola pafupifupi 19, china chinatsatira, ndipo mbali ina ya mzinda wa Malmö ku Sweden inazimiradi magetsi. Ku South Africa usiku umenewo sikunaoneke choopsa chilichonse. Koma m'masabata ndi miyezi yotsatira, mathiransifoma akuluakulu a Eskom pa malo opangira magetsi monga Lethabo ndi Matimba anayamba kufa imodziimodzi, ndipo owonongeka anapitirira khumi. Pulofesa Trevor Gaunt wa pa Yunivesite ya Cape Town ndi mnzake anatsata nkhaniyi, napeza kuti mafuta a m'mathiransifomawo anayamba kuonetsa zizindikiro za kupsa namondwe uja atangodutsa. Anasindikiza zimenezi mu 2007. Chimene chimandiopsa ine pa nkhani imeneyi si kukula kwa chiwonongeko, koma kachetechete wake. Thiransifoma imavulala lero, n'kudzafa pa Khirisimasi, ndipo palibe amene angaganize zoloza chala kudzuwa.

Anzathuwo sanagone. Ku Hermanus, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Cape Town, kuli malo oyezera maginito a dziko kuyambira mu 1941. Anawasamutsira kumeneko kuchokera ku Cape Town chifukwa sitima zoyendera magetsi zinkasokoneza zipangizo. Malowa ndi amodzi mwa anayi okha pa dziko lonse, pamodzi ndi Kakioka ku Japan, Honolulu ndi San Juan, amene miyeso yawo imaphatikizidwa poyeza kukula kwa namondwe wa maginito. Lero ali m'manja mwa bungwe la SANSA. Mu 2018 bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse linawasankha kuti azithandiza kuchenjeza ndege, ndipo mu November 2022 anatsegula likulu limene limayang'ana dzuwa usana ndi usiku osatseka. Amene amakhala pa makompyuta kumeneko ndi achinyamata a mu Africa muno, anyamata ndi atsikana amene anayamba ndi samu yomweyi ya mtunda kugawa ndi liwiro.

Mayeso awo aakulu anabwera mu May 2024. Padzuwa panaoneka gulu la mawanga lotambalala kuposa dziko lathu maulendo oposa 15, ndipo kuyambira pa 8 May linalavula zimitambo zingapo motsatizana. Pa 9 May a ku Boulder anatulutsa chenjezo la namondwe wa mlingo wachinayi pa milingo isanu, loyamba la mtundu umenewo chiyambire 2005. Chimtambo chinagunda pa 10 May cha m'ma 7 koloko madzulo nthawi yathu ino, maginito ake ataloza kumwera, ndipo namondweyo anakwera kufika mlingo wachisanu, umene unali usanaonekenso chichokere 2003. Kumwamba kunafiira usiku mpaka anthu a ku Western Cape anajambula zithunzi. Alimi a ku America, amene mathirakitala awo amayenda motsogozedwa ndi GPS, anaimitsa kubzala pakati pa nyengo yobzala chifukwa mizere inayamba kukhota. Koma palibe dziko limene magetsi ake anagwa monga ku Quebec. Ku New Zealand, kampani yoyendetsa nthambo zazikulu ya Transpower inali itakonzeratu ndondomeko pamodzi ndi akatswiri a kuyunivesite, ndipo inazimitsa dala nthambo zina kuti magetsi osaitanidwa aja asowe podzera, anthu m'nyumba zawo osazindikira kanthu.

Onani bwino apa. Ulosiwo sunali wangwiro. Unanena mlingo wachinayi, kunabwera wachisanu. Koma unakwanira, chifukwa unapeza anthu odziwa chochita nawo. Chenjezo la tsiku limodzi limalola mainjiniya kuimitsa ntchito yokonza nthambo kuti zonse zikhale zolumikizidwa bwino, kuyatsa makina ena oonjezera, kupeputsa katundu pa mathiransifoma ofooka, ndi kuika munthu woyang'anira kutentha kwake usiku wonse. Chenjezo la mphindi 20 limangokwanira kukanikiza batani limene munagwirizana kale kuti ndi limeneli. Munthu amene akuyamba kufunsa kuti namondwe wa maginito n'chiyani pamene foni yalira pa Zobue, wachedwa.

Ngakhale namondwe wamng'ono amaluma. Pa 3 February 2022, ife tili pakati polira Namondwe Ana, kampani ya SpaceX inatumiza masetilaiti 49 a Starlink, omwewa ena mwa inu mwayamba kulandirira intaneti. Namondwe wamng'ono wa maginito anatenthetsa ndi kufufumitsa mpweya wa kumwamba, masetilaitiwo analephera kukwera, ndipo 38 anagwa n'kupsa. Ndipo chachikulu chenicheni cha masiku athu ano chinatiphonya: pa 23 July 2012 chimtambo cha msinkhu wa chija cha 1859 chinadutsa njira imene dziko limayendamo, n'kukagunda STEREO-A pa maola osakwana 19. Dziko linali kwina pa ulendo wake wozungulira dzuwa.

Sindikufuna muchoke pano ndi mantha opanda pake. Magetsi akazima kwanu usiku uno, musaloze dzuwa. Zinyalala ndi matope a mu Shire, anamondwe a mvula, ndi akuba amene amakhetsa mafuta a m'mathiransifoma ndiwo adani athu a tsiku ndi tsiku, ndipo adzakhalabe otero. Ifenso tili kutali ndi kumapeto a dziko kuposa South Africa, kotero kugwedezeka kumafika kuno kutachepako. Ndiponso mauthenga aja amayenda pa WhatsApp, akuti dzuwa liphulika, kudzada masiku atatu, zimitsani mafoni, musatuluke panja, ndi bodza. Namondwe wa maginito satentha khungu, saumitsa chimanga, saletsa mvula, saphulitsa foni m'thumba. Mukalandira uthenga wotere, muufufute, musautumize kwa apongozi.

Koma musaiwale kuti nthambo zathu zikutalika. Ya 400 kV yochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, ya makilomita oposa 170, inatha mu 2018, ndipo iyi ya ku Matambo ndi yotimangirira ku nthambo za makilomita zikwizikwi. Thiransifoma yaikulu ya pa malo ngati Phombeya sigulidwa mu sitolo ku Limbe. Imapangidwa kunja mochita kuitanitsa, imalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zimasowera, ndipo kudikira kwake kumatha chaka kapena kuposa. Tinalawa kale zotere. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita nthawi yoposa chaka kuti abwerere. Azigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa pa Mwanza boma angakuuzeni bwino kuposa ine kuti chaka chimenecho chinali chotani.

Choncho maganizo anga ndi awa. Malawi safunika kutumiza setilaiti yake kudzuwa. Machenjezo a ku Hermanus ndi a ku Boulder amaikidwa poyera, aliyense akhoza kuwawerenga. Chofunika ndi chotsika mtengo koma chovuta kwa ife: munthu wodziwika dzina amene udindo wake ndi kuwawerenga, kachipangizo koyeza magetsi osaitanidwa aja pa mathiransifoma akuluakulu, ndi pepala lolembedwa kale lonena kuti chenjezo likafika mlingo wakuti, wakuti achite chakuti. Ndakhala m'boma zaka zokwanira kudziwa kuti kalata yolembera ofesi yonse imagona mu fayilo, koma yolembera munthu mmodzi imayankhidwa. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anatiphunzitsa zowawa pa nkhani yomweyi. A zanyengo anachenjeza pa wailesi masiku angapo asanafike. Koma chenjezo likapeza munthu wosadziwa kothawira, kapena wopanda pothawira, limangokhala nkhani ya pa wailesi. Pakati pathu pano pali mainjiniya, pali ogwira ntchito ku nthambi za magetsi, za ndege ndi zoyeza malo. Inu oyeza malo ndi GPS, makamaka pano pamene minda ya makolo ikulembetsedwa, muzilemba tsiku ndi ola la muyeso uliwonse, ndipo tsiku la namondwe wamkulu muzibwereza muyesowo mawa lake. Malire a munda olakwika ndi mamita ochepa ndi mlandu wa zidzukulu pabwalo la mfumu.

A Wapampando, madzulo ano tikambirana za mmene tigwiritsire ntchito zopereka za chaka chino, ndipo ndamva kuti maganizo alipo awiri, ena akufuna mpanda, ena zipangizo za sayansi. Ine ndili kumbali ya zipangizo, ndipo ndikunena poyera kuti a mpanda akonzekere kunditsutsa. Zonse ndakamba lerozi mwana akhoza kuziona ndi maso ake pa tebulo limodzi, patakhala maginito awiri, kampasi, waya wokulunga ndi kamita ka singano. Akalowetsa maginito mu waya wokulungawo n'kuona singano ikugwedezeka popanda batire, wamvetsa za Nkula, wamvetsanso za Quebec. Ndipo pali kachipangizo kena kamene a Fomu 3 angapange okha: kamaginito komatidwa ku kagalasi, kolendewera pa ulusi m'botolo lotsekedwa kuti mphepo isalowe, tochi yowalitsa pa kagalasiko, ndi pepala pakhoma patali mamita angapo pamene kadontho ka kuwala kakugwera. Masiku ambiri kadonthoko kadzangosuntha pang'ono. Tsiku la namondwe wamkulu kadzayenda moonekeratu, ndipo mwana wa kwa Kanduku adzalemba ola m'kope lake, n'kukaliyerekeza ndi limene a ku Hermanus analosera.

Ndikupempha a Mlembi alembe pempho langali pa mndandanda wa zokambirana, ndipo a Mphunzitsi Wamkulu atipatse mitengo ya zipangizozi tisanavote. Ine ndidzagula maginito ndi makampasi, ndipo a Msungichuma akhoza kulemba zimenezo tsopano lino anthu onsewa akumva.